Mmene mungadyerere Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano thupi lili bwinobwino

Disembala kuno kwathu amafika ndi zinthu zambiri nthawi imodzi. Mvula yayamba, kukutentha, mango apsa, malipiro atuluka msanga, a banki m'khonde agawana ndalama zawo, abale a ku Joni atsika basi ndi zikwama, ndipo Loweruka lililonse kuli ukwati kapena chinkhoswe. Munthu amene wakhetsa thukuta chaka chonse, amene miyezi yambiri ndiwo zake zakhala usipa ndi mpiru, ayenera kudya mpunga wa nkhuku pa Khirisimasi mtima uli m'malo. Malangizo awa sakulandani mbale imeneyo. Chimene ndikufuna n'chakuti pa 2 Januwale mudzadzuke ndi mphamvu zopitira kumunda kapena kuntchito, ana ali osangalala, popanda wina wogonekedwa m'chipatala pa zinthu zimene zikanapeweka.

Zambiri mwa zimene zili pansipa n'zochita phwando lisanayambe. Mukafika kale pamalopo, fungo la kanyenya lili m'mphuno, nyimbo zikulira, anzanu akukukodolani, nthawi yoganiza bwino imakhala itapita.

1. Tengani kalendala, musankhe masiku a phwando

Masiku enieni a chikondwerero ndi ochepa: 25 ndi 26 Disembala, usiku wa pa 31, ndi 1 Januwale. Onjezeranipo ukwati wa mphwanu ndi phwando la kuntchito ngati lilipo. Lembani chizindikiro pa masiku amenewo. Otsalawo akhale masiku wamba: phala m'mawa, nsima ndi ndiwo zanu za nthawi zonse, madzi akumwa, kugona nthawi yake. Chakudya cha pa Khirisimasi pachokha sichiwononga munthu. Chowononga n'kuyamba phwando pa 15 Disembala n'kudzalekeza pa 5 Januwale, milungu itatu yathunthu ya chipisi, mowa ndi kusagona.

Tsiku lomwelo gawani ndalama. Muyambe mwapatula fizi ya ana, lendi, feteleza wobereketsa, chimanga cha Januwale ndi Febuluwale, ndi kangachepe kokwerera galimoto wina akadwala usiku. Ngati n'kotheka lipiranitu fizi ndi lendi ndalama zikadali m'manja. Zotsalazo ndiye za nkhuku, mpunga ndi zovala za ana. Wina anganene kuti iyi ndi nkhani ya chuma, osati ya umoyo, koma banja limene ladya nyama mlungu wathunthu kenako n'kumadya kamodzi patsiku m'miyezi ya njala, pamene chimanga chakwera mtengo, ndi ana amene amavutika. Katapila wotengera Khirisimasi mupeweretu. Nkhawa ya ngongole imasowetsa tulo, imakweza BP, ndipo imayambanitsa anthu m'nyumba.

2. Werengani mapiritsi anu musananyamuke

Ngati mumamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, kaya ma ARV, a BP, a shuga, a khunyu, a TB kapena olerera, atsanulireni patebulo muwerenge. Kodi afika mpaka mlungu wachiwiri wa Januwale? Ngati safika, pitani kuchipatala pano, chifukwa pa masiku a tchuthi zipatala zimakhala ndi ogwira ntchito ochepa ndipo odwala mwadzidzidzi ndiwo amayamba kuthandizidwa. Popita kumudzi, mankhwala ndi kabuku ka kuchipatala zikhale m'chikwama chimene chili pamiyendo panu, osati m'katundu womangidwa kumbuyo kwa minibasi kumene mvula ingamunyowetse. Tcherani alamu pafoni, poti pa chikondwerero nthawi imasokonekera.

Pali chizolowezi choopsa chimene chimafala nthawi imeneyi: kusiya mankhwala kwa masiku angapo kuti munthu amwe mowa momasuka. Musatero. Kudumphitsa ma ARV kumapatsa kachilombo mpata wochulukana ndi kuyamba kupima mphamvu mankhwalawo. Kusiya mankhwala a BP pamene mukudya zamchere ndi zamafuta ndiye kuitana sitiroko. Ngati mwapatsidwa Flagyl, mowa usakhudze pakamwa mpaka patapita masiku awiri mutamaliza mapiritsi, chifukwa ziwirizi zikakumana munthu amasanza, mtima n'kumagunda mothamanga.

Amene simunayezetsepo BP, yezetsani mwezi uno. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita pamodzi ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO mu 2009 anapeza kuti mwa akuluakulu atatu alionse m'Malawi muno mmodzi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Kuyezetsa kumatenga mphindi zochepa ndipo sikupweteka.

3. Konzani mbale yanu

Musapite kuphwando ndi njala ya dzaoneni. Anthu ena sadya m'mawa wonse kuti asunge malo m'mimba, ndiye akafika amagwira chilichonse, pomwe akale anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Imwani phala lanu, kapena idyani mbatata, nthochi ngakhale mtedza wodzaza dzanja musanatuluke.

Pofika pa mzere wa chakudya, yambani mwayang'ana zonse zimene zilipo musanagawe. Kawirikawiri pamakhala mpunga, nsima, chipisi, makaroni ndi mbatatesi. Zonsezi zili m'gulu limodzi, la zakudya zokhutitsa, mwa magulu 6 aja amene alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, masamba, zipatso ndi zamafuta. Kuunjika mpunga, chipisi ndi makaroni m'mbale imodzi n'kudya chinthu chimodzi katatu. Sankhani chimodzi chimene mtima wanu ukuchifunadi, kapena ziwiri pang'onopang'ono. Ngati mwakhala mukulakalaka mpunga wa Kilombero, tengani mpungawo, nsima mudzaipeza mawa.

Muyambe kuika masamba, afike pafupifupi theka la mbale. Theka linalo mugawe pawiri, uku mpunga kapena nsima, uku nyama kapena nsomba yokula ngati chikhatho chanu. Nyengo ino masamba sasowa. Bonongwe, chisoso, nkhwani, luni ndi therere zikumera paliponse mvula ikagwa. Ndimadandaula kuona mabanja akuchita manyazi kuika nkhwani wotendera patebulo la Khirisimasi ngati kuti ndi ndiwo za osauka, n'kungosiyapo kabichi womira m'mafuta ndi mayonezi. Alendo ochokera kutauni ndi kunja nthawi zambiri nkhwani wotenderayo ndi amene amamusowa, ndipo mphika wake ndi umene umayamba kutha.

Ngati ophika ndinu, mphamvu yaikulu ili m'manja mwanu. Mafuta muziyeza ndi sipuni m'malo mopungulira kuchokera m'botolo. Nkhuku ya lokolo yophikidwa ndi tomato, anyezi ndi adyo siifuna mafuta ambiri, ndipo ina mukhoza kuiwotcha pa makala m'malo moikazinga. Nyama ya mbuzi kapena ya ng'ombe muichotse mafuta oyera aja musanaiphike. Mchere nawo muchepetse. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, kumene kuli ngati sipuni ya tiyi imodzi, kuphatikiza wonse wa m'ndiwo, m'buledi, m'soseji ndi m'timakyubu tokometsera ndiwo. Mukathira kakyubu musathirenso mchere wambiri, ndipo mbale ya mchere isakhale patebulo. Mandimu, tsabola wa kambuzi, jinja ndi adyo zimakometsa ndiwo popanda kukweza BP. Pa chiwaya, yang'anani mafuta. Ngati ada bii ndipo akufuka utsi, akhala akugwiritsidwa ntchito mobwerezabwereza, pitani pena.

Idyani mosathamanga, mukucheza. Uthenga woti mimba yakhuta umatenga mphindi pafupifupi 20 kuti umveke, choncho mukamaliza mbale yoyamba khalani kaye, imwani madzi. Ngati pambuyo pake njala ikadalipo, kaonjezereni, palibe mlandu.

Chovuta kwambiri pachikhalidwe chathu ndi kuyendera makomo. Mwadya kwa amayi, mukafika kwa apongozi akuphikirani, kwa azakhali nakonso nkhuku yaphedwa chifukwa cha inu. Kukana chakudya kumaoneka ngati mwano, ndipo n'zoona kuti munthu amene wakupherani nkhuku yake sayenera kukhumudwitsidwa. Njira yake ndi iyi: ngati mukudziwa kuti muyendera makomo atatu, idyani pang'ono pakhomo lililonse kuyambira loyamba. Sambani m'manja, lawani, yamikirani. Kenako nenani mwaulemu kuti, "Azakhali, ndiwozi zakoma kwambiri, koma ndadya kale kwa amayi. Mundiikire m'kambale ndikadye madzulo." Palibe mayi amene amakwiya ndi mawu otere. Nanunso mukakhala olandira alendo, mlendo akati wakhuta, mukhulupirireni. Mwina ali ndi matenda a shuga amene sakufuna kulengeza pagulu.

4. Zoziziritsa kukhosi

Apa ndi pamene shuga amalowa mobisala. Botolo limodzi la Coca-Cola la mamililita 300 lili ndi shuga wopitirira magalamu 30, pafupifupi masipuni a tiyi 8. WHO imalangiza kuti shuga wothira m'zakudya ndi m'zakumwa asapitirire masipuni 12 patsiku kwa munthu wamkulu, ndipo ndi bwino koposa akakhala 6. Ndiye kuti mabotolo awiri okha adutsa kale malire, tisanawerenge tiyi wa m'mawa, keke ndi mabisiketi.

Kwa mwana wa kumudzi botolo la Fanta pa Khirisimasi ndi chinthu chachikulu, ndipo sindingamulande. Mugulireni limodzi, amwe pa nthawi ya chakudya, asangalale nalo. Chimene chisachitike n'kusiya kireti pakhonde kuti aliyense azingotsegula ludzu likamugwira. Ludzu lithetsedwe ndi madzi. Ikani jagi ya madzi abwino patebulo, mudulemo mandimu. Sobo musungunule ndi madzi ochuluka kuposa mmene munazolowerera. Thobwa ndi wabwino ndipo amakhutitsa, koma wina amathiridwa shuga wochuluka kwambiri, choncho pokonza wanu muchepetse, chimera chimatsekemera kale. Chakumwa cha malambe kapena cha chidede chokonza nokha chimakulolani kuyeza shuga mmene mukufunira. Mango ndi chinanazi ndi bwino kuzidya zodula kusiyana ndi kuzifinya, chifukwa zikadyedwa zathunthu zimakhutitsa ndipo shuga wake amalowa m'magazi pang'onopang'ono. Zakumwa zija amati zopatsa mphamvu si za ana, ndipo kuzisakaniza ndi mowa kumapangitsa munthu kudziona ngati sanaledzere pamene waledzera.

5. Mowa: ikani malire mukadali kunyumba

Ngati simumwa, musayambire pa Khirisimasi. Amayi oyembekezera, ana osafika zaka 18, ndi aliyense amene ayendetse galimoto kapena njinga yamoto, mowa ayi ngakhale pang'ono. Musatume ana kukagula mowa, ndipo musawalawitse poseka.

Kwa amene mumamwa, sankhani nambala musanatuluke pakhomo, mabotolo awiri kapena atatu, ndipo tengani ndalama zokwanira nambala imeneyo ndi thiransipoti yobwerera basi. Zina zonse, pamodzi ndi khadi la kubanki, zitsale. Uzani mnzanu mmodzi wodalirika malire anu. Idyani kaye chakudya chenicheni, chifukwa mowa wolowa m'mimba yopanda kanthu umathamangira m'magazi. Mukamaliza botolo, imwani kapu ya madzi musanatsegule lina. Pewani kugulirana kwa maraundi. Pagulu la anthu 6, aliyense akagula raundi yake ndiye kuti mwamwa mabotolo 6 musanaganize n'komwe. Wina akakukakamizani, yankho lalifupi limakwanira: "Achimwene, ine pano ndakwana, mundigulire madzi." Simukuyenera kufotokoza zambiri.

Chiwindi chimafuna ola limodzi kapena kuposerapo kuti chichotse mowa wa m'botolo limodzi laling'ono. Palibe chimene chimafulumizitsa ntchito imeneyi. Khofi, kusamba madzi ozizira, msuzi wa mang'ina, zonsezi zingakutsitsimutseni koma mowa uli m'magazi momwemo. Munthu amene wamwa mabotolo 8 mpaka 2 koloko usiku angakhale akadali woledzera pa 7 koloko m'mawa pamene akuliza galimoto kuti atenge banja kupita kunyanja.

Samalani kwambiri ndi kachasu ndi mowa wina uliwonse waukali wosadziwika kumene wachokera. Mphamvu yake siidziwika, ndipo wina amasakanizidwa ndi mankhwala a poizoni amene amachititsa khungu ndi kupha. Mu 2024 anthu anafa ku Blantyre atamwa mowa umene unkatchedwa "ambuye ntengeni". Kutsika mtengo kwa mowa wotere ndi kumene kumakopa, makamaka masiku otsiriza a chaka ndalama zikayamba kutha. Munthu akamwa mowa wotere n'kuyamba kuona mwachimbuuzi, kusanza kapena kupuma movutikira, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Mnzanu akaledzera mpaka kugona osadzuka, musamusiye yekha ndipo musamugoneke chagada. Mugonekeni chammbali, bondo lapamwamba litapindidwa, kuti akasanza masanzi asamutsamwitse. Ngati sakuyankha mukamugwedeza, kapena akupuma mwapatalipatali, ameneyo ndi wodwala, osati wongogona.

Mowa umachotsanso manyazi ndi mantha amene amatiteteza pa nkhani zogonana. Kondomu ikhale m'thumba musanayambe kumwa. Zikachitika mosadziteteza, kapena wina akagwiriridwa, kuchipatala kuli mankhwala a PEP oteteza ku HIV, amene ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, komanso mapiritsi oteteza mimba yosakonzekera. Musadikire kuti tchuthi chithe.

6. Madzi, manja ndi chakudya chotsala

Gawo ili ndi limene anthu amalinyalanyaza, komabe ndi limene lingagwetse banja lonse tsiku limodzi. Khirisimasi yathu imagwa m'dzinja, pamene madzi a mvula amakokolola zonyansa kulowa m'zitsime ndi m'mitsinje. Tisaiwale kolera amene anayamba mu Malichi 2022 n'kufika poipitsitsa cha kumapeto kwa chaka chimenecho ndi kumayambiriro kwa 2023. Anapha anthu opitirira 1,700, ndipo sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023 chifukwa cha mliriwo. Paliponse pamene anthu ambiri akudyera pamodzi, matenda otsegula m'mimba amapeza njira.

Madzi akumwa awiritsidwe kapena athiridwe WaterGuard kapena klorini motsatira muyezo wolembedwa, ndipo mudikire mphindi 30 musanamwe. Asungidwe m'chidebe chovundikira, chokhala ndi kapu yakeyake yotungira. Madzi okonzera thobwa, Sobo, mafirizesi ndi otsukira zipatso akhalenso omwewo. Posamba m'manja, lekani zija zoviika manja anthu 10 m'beseni limodzi, womaliza n'kusamba litsiro la anzake onse. Mwana mmodzi agwire jagi azithirira aliyense, sopo ali pomwepo. Pafupi ndi chimbudzi pakhale mpondagiya wokhala ndi madzi ndi sopo kapena phulusa.

Nyama mugule kumalo kumene imayezedwa. Chiweto chofa chokha musadye, ngakhale chitatsika mtengo chotani. Mpeni ndi thabwa zimene mwadulira nkhuku yaiwisi zitsukidwe ndi sopo musanadulire tomato ndi kabichi wa saladi. Nkhuku ipse mpaka pafupa, pasaoneke magazi. Nyama ya nkhumba ipse kwambiri, chifukwa yosapsa imafalitsa njoka za m'mimba. Bowa wa m'tchire ndi wokoma ndipo ino ndi nyengo yake, koma dyani yekhayo amene munthu womudziwa bwino wamuzindikira. Wokayikitsa atayidwe, chifukwa wina poizoni wake satha ngakhale aphikidwe chotani.

Tsopano zotsala. Pa Khirisimasi timaphika mopitirira, ndipo mpunga ndi nkhuku zimakhala m'mapoto kuyambira masana mpaka mawa lake, kunja kukutentha. Chakudya chophika chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri. Mpunga ndiwo woopsa kuposa mmene anthu amaganizira: ukazizira pang'onopang'ono pamalo otentha, tizilombo timene timapirira moto timachulukana n'kusiya poizoni amene satha ngakhale muutenthetsenso. Ngati muli ndi firiji, gawani zotsala m'timabakuli ting'onoting'ono kuti zizizire msanga, mulowetse. Magetsi akazima musamatsegule chitseko pafupipafupi, firiji yotseka imasunga kuzizira kwa maola pafupifupi 4. Ngati mulibe firiji, phikani zokwanira chakudya chimodzi, madzulo muphikenso china. Nyama yotsala yaiwisi muiwambe pamoto iume monga ankachitira makolo. Potenthetsa zotsala, zitenthe mpaka kutuluka nthunzi mkati monse, ndipo kamodzi kokha. Njira ina yabwino koposa n'kugawira anansi chakudya chikadali chotentha. Pafupi nanu pali agogo kapena ana amasiye amene tsiku limenelo sanalawe nyama.

Sungani mapaketi angapo a Thanzi ORS m'nyumba. Akasowa, sungunulani masipuni a tiyi 6 a shuga osasefukira ndi theka la sipuni ya tiyi ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino. Wotsegula m'mimba azimwa pang'onopang'ono mosalekeza. Ngati chimbudzi chili chamadzimadzi ngati madzi otsukira mpunga, amwe ORS ali m'njira yopita kuchipatala. Kolera amatha kupha munthu m'maola ochepa.

7. Paulendo

Woyendetsa asankhidwe phwando lisanayambe, ndipo ameneyo asamwe. Ngati palibe, gonani komweko. Nyamukani m'mawa kuti mukafike kukuwala, chifukwa misewu ngati M1 ndi M5 usiku wa mvula imabisa maenje, oyenda pansi, njinga ndi ngolo zopanda magetsi. Mangani lamba. Minibasi ikadzaza mopitirira kapena dalaivala akamanunkha mowa, tsikani, ndalama ya ulendo umodzi siingafanane ndi moyo. Pa kabaza wa njinga yamoto valani helemeti ndipo musakwere atatu. Mtsinje ukasefukira pamlatho, dikirani madzi aphwe.

Opita ku Mangochi, Salima kapena Nkhata Bay, mowa ndi kusambira siziyendera limodzi. Ana akakhala m'madzi pakhale wamkulu mmodzi wosamwa amene ntchito yake ndi kuwayang'ana basi, osati foni. Mukaona ziphaliwali tulukani m'madzi ndipo musabisale pansi pa mtengo. M'malo ena a nyanja muli likodzo, choncho pakapita milungu ingapo mutabwerako, makamaka mukaona magazi mumkodzo, kayezetseni.

Neti ilowe m'chikwama. Kumudzi alendo akachuluka anthu amagona pabalaza ndi pakhonde popanda neti, pamene ino ndi nyengo imene udzudzu umaswana. Malungo amaonekera pakatha mlungu umodzi kapena iwiri, nthawi imene ana akutsegulira sukulu. Ana aang'ono ndi amayi oyembekezera ndiwo ayambe kupatsidwa neti.

8. Thupi liziyenda, tulo tisasowe

Munthu wamkulu amafunika mphindi zosachepera 150 pamlungu za ntchito yotulutsa thukuta pang'ono. Amene mukupalira ndi kubandira chimanga mwakwanitsa kale. A m'tauni amene mwapita kumudzi, gwirani khasu m'mawa muthandize makolo, kapena yendani wapansi popita kutchalitchi ndi kokaona abale. Kuvina paukwati kumawerengedwanso, mpira ndi ana chimodzimodzi. Kuyenda mphindi 15 mutatha kudya kumathandiza kutsitsa shuga m'magazi.

Usiku wa pa 31 ambiri timachezera, ena kumapemphero, ena kudansi. Gonaniko masana a tsikulo, ndipo pa 1 Januwale musayendetse ulendo wautali musanagone mokwanira. Masiku enawo yesetsani kupeza maola 7 kapena 8. Makombola aphulitsidwe ndi akuluakulu, kutali ndi ana ndi madenga a udzu.

9. Zizindikiro zosafunika kudikira

Odwala shuga, musadumphe chakudya pamene mwamwa mankhwala kapena kubaya insulin, ndipo dziwani kuti mowa ungagwetse shuga ngakhale patapita maola ambiri, muli m'tulo. Munthu wa shuga akayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta lozizira ndi kulankhula zosokonekera, anthu amaganiza kuti waledzera. Ngati akutha kumeza, mupatseni masipuni a tiyi 3 a shuga osungunula m'madzi, kenako adye chakudya. Ngati wakomoka musamuthire kanthu m'kamwa, mutengereni kuchipatala. Wachibale mmodzi paphwandopo ayenera kudziwa za matenda anu.

Kukamwa kukapotoka, dzanja kapena mwendo wa mbali imodzi ukafooka, kapena mawu akayamba kutuluka mokoka, imeneyo ingakhale sitiroko. Kupweteka kothina pachifuwa, mwana wotentha thupi amene akukana kuyamwa kapena akukomoka, kusanza kosalekeza, mayi woyembekezera amene akutaya magazi kapena mutu ukumupweteka kwambiri, zonsezi n'zonyamuka nazo nthawi yomweyo, kaya ndi pa 25 Disembala pakati pa usiku. Zipatala za boma zimalandira odwala mwadzidzidzi ngakhale pa tchuthi. Dziwiranitu amene ali ndi galimoto m'dera limene mukukhala, ndipo nambala yake ikhale m'foni mwanu.

Muyang'anenso amene wakhala chete pakona. Kwa amene anataya wokondedwa chaka chino, kapena amene ntchito inatha, nyengo ino imawawa, ndipo ena amathawira ku mowa. Khalani naye pansi, mumufunse mmene akumvera, mumumvetsere.

10. Tsiku lotsatira phwando

Ngati mwadya kapena kumwa mopitirira, musadzilange ndi njala tsiku lonse, chifukwa madzulo mudzadyanso mobwezera. Matsire sachizidwa ndi botolo lina. Imwani madzi ambiri, idyani phala kapena nthochi, pumulani. Musathamangire mankhwala ndi matiyi amene amagulitsidwa pa WhatsApp ndi pa Facebook ati otsuka m'thupi. Ntchito yotsuka imagwiridwa ndi chiwindi ndi impso, ndipo ambiri mwa mankhwalawo amangotsegula m'mimba n'kukuchotsani madzi.

Chakudya chotsatira chikhale cha masiku onse: nsima, nyemba kapena usipa, masamba, ndi mango amodzi. Mabotolo ndi mabisiketi otsala musawasiye poonekera, atsekereni kapena agawireni ena. Mlungu woyamba wa Januwale, amene muli ndi BP kapena shuga pitani mukayezetse, mutenge kabuku kanu, ndipo adokotala akafunsa mmene munadyera ndi kumwera, auzeni zoona kuti akupatseni mankhwala oyenera.